Chithunzithunzi Chopanda Mwini

Kuphiri, Neuquén
16 Juni 2024

Wokondedwa Eulogia,

Landira moni wochokera kozizira kuno. Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi ana, ndiponso kuti chifuwa cha Nélida chinatha. Ine ndili bwino, kungoti milomo yang'ambikang'ambika moti kuseka ndikuseka mosamala. Achimwene ako a Ceferino ali bwino kwambiri, anenepa mpaka jekete la kuntchito likuwakana, ndipo akupereka moni kwa nonse.

Uthenga wa amayi ako ndinawapatsa tsiku lomwe ndinafika. Ndinanena mmene unandiuzira, kuti maso a amayi akutha, zaka zinayi zakwana mwana wawo asanaponde pakhomo, ndipo akufuna kumuona maso asanatheretu. Alamu anayamwa tiyi wathu wa mate ndi kapaipi mpaka chikho chinalira, kenako anati, "Chabwino alamu, chipale chofewachi chikasungunuka mu Okutobala tinyamuka." Aka n'koyamba kuvomera, ndiye uwauze amayi. Ntchito yanga yeniyeni kuno ndi imeneyo, kuwafikitsa alamu kunyumba. Zinazi n'zopezera ufa chabe.

Koma tamva izi. Ndinabwera kudzaumitsa nsapato za alendo, pano ndine wojambula. Pali Don Aldo, yemwe ali ndi kanyumba m'munsi mwa phiri kogulitsiramo mafilimu. Mlendo akamatsetsereka pa chipale wina amamutsatira ndi kamera, pofika masana filimu yake yapsa. Wojambula wake anathawira ku Chile, ndiye achimwene ako anakamuuza kuti ine ndajambula maukwati osawerengeka. Ukwati wake ndi umodzi uja wa Policarpo, umene ndinadula mitu ya anthu onse pa zithunzi.

Don Aldo anabwereka makamera atatu ku sitolo ya m'tauni kuti ndiyese, ndisankhe imodzi. Yoyamba ndi yaikulu, imajambula zokongola mpaka nsidze za munthu, koma ikamva kuzizira batire limafa usanafike n'pakati pa phiri pomwe, ndipo mabatani ake ndi aang'ono, ofuna kuvula magolovesi. Ndinavula kamodzi, zala zinakana kupinda mpaka madzulo. Yachiwiri ndi kakang'ono ngati bokosi la machesi, komangirira pachipewa, koma anthu amatuluka ngati nyerere. Ndani angalipire filimu imene sakuzindikiramo nkhope yake? Ndasankha yachitatu, ya chogwirira. Sigwedera ngakhale ine ndikugwedera, imaona patali, ndipo chipale imachitulutsa choyera mbee, pomwe zinazo zimachitulutsa ngati phulusa. Vuto lake ndi limodzi, imadzaza kakhadi msanga. Masana alionse ndiyenera kusamutsa zonse, kukonza filimu, n'kupukuta kakhadi kuti mawa kagwirenso ntchito. Don Aldo atamva mtengo wake anagwira pamtima, koma wagula.

Mabatire ndimasunga m'khwapa kuti asafe. Kutsetsereka akundiphunzitsa ndi alamu, ndipo kugwa ndakudziwa bwino tsopano.

Ndalama zimene ndatumiza usazisunge, gula ufa ndi mafuta tsiku lomwelo, mawa mtengo ukhala wina. Pa ziweto zathu, lama woyera uja usamugulitse kwa Policarpo ngakhale akunyengerere bwanji.

Ndine mwamuna wako,
Saturnino

7 Julayi

Wokondedwa Eulogia,

Kalata yako yandipeza ndili bwino, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino. Zoti amayi ayamba kale kulukira alamu bulangete ndawauza. Anangoyang'ana kumbali n'kunena kuti utsi wa mbaula wawalowa m'maso.

Wafunsa kuti filimu imapsa bwanji. Pa kompyuta pamakhala pulogalamu yodulira ndi kulumikizira zithunzi, ndipo nayonso Don Aldo anati ndisankhe ndekha pakati pa ziwiri. Ina ndi yaulere, ndipo ine mtima unali pamenepo chifukwa ndi yosavuta. Inayo ndi yolipira mwezi ndi mwezi, koma ili ndi chofufutira. Ukamuzunguliza mzere munthu amene sukumufuna, munthuyo amasowa, pamalo pake pamabwera chipale ngati sipanaimepo aliyense. Don Aldo ataona zimenezo sanafunsenso mtengo. Akuti mlendo wochokera kutali amafuna kudziona ali yekha paphiri lonse, safuna kuona wantchito atanyamula fosholo kumbuyo kwake. Lamulo lake ndi ili: aliyense wovala jekete la lalanje achoke. Phokoso nalonso ndimachotsa lonse, poti ndi mphepo yokhayokha, n'kuikapo nyimbo.

Majekete a lalanjewo ndi athu antchito. Alamu, amene amazika mitengo ndi maukonde m'mphepete mwa njira zotsetserekera, ndimawafufuta mwina kasanu patsiku. Lachiwiri analowa m'kanyumba kudzaotha manja n'kundipeza ndikuwachotsa. Anaseka mpaka kutsokomola. "Alamu, mwandichotsa ntchito osandipatsa ndi kalata yomwe? Ndikakunenerani kwa mlongo wanga."

Koma kuseka kunawathera pakamwa. Chofufutiracho chimachotsa munthu, chithunzithunzi chake chimachisiya, ndipo icho ndiyenera kuchichotsa padera. Tsikulo ndinali ndisanatero. Tinaona tonse awiri chithunzithunzi cha alamu chikuyenda chokha pa chipale, mtengo uli paphewa, chikutsimphina pang'ono ngati eni ake. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ameneyo bwanji mwamusiya yekha? M'chotseninso, si bwino kuti aziyendayenda choncho." Ndinamuchotsa.

Nkhaniyo anakaifalitsa kwa anzawo, ndipo pano yasanduka masewera. Wa jekete la lalanje aliyense akaona kamera amakweza manja onse awiri n'kumawagwedeza, kuti andiwonjezere ntchito. Akuti ngati tikufufutidwa, bola wofufutayo atuluke thukuta. Masana ndikakhala pa kompyuta ndimangowatukwana chamumtima, dzanja likugwira lokha ntchito.

Alamu akupempha kuti utumize masamba a koka, a kwathu enieni, ndi chimanga chokazinga pang'ono, zifike mwezi uno usanathe. Nsapato za Casimiro gula zokulirapo, mwana ameneyo phazi lake silidikira.

Ndine wako,
Saturnino

28 Julayi

Wokondedwa Eulogia,

Tili bwino tonse awiri, kaya inu kumeneko. Phukusi lafika dzana. Alamu analitsegula n'kununkhiza koka uja maso ali chitsinzire, ngati munthu amene wakumana ndi m'bale.

Chimene amafunira zinthuzi ndachidziwa tsopano. Akuti chibwerere kuno sanamudyetsepo Pachamama, mayi wathu wa nthaka, ngakhale kamodzi, chifukwa pa 1 Ogasiti nthaka yonse ya kuno imakhala pansi pa chipale chofika m'chiuno, ndipo kuthira koka ndi vinyo pa chipale n'kudyetsa madzi, osati nthaka. Safuna kukaonekera kwa amayi zimenezi asanakonze. Chaka chino apeza malo kuseri kwa chitunda chapamwamba, kumene mphepo imasesa mpaka dothi kuoneka. Ndi kunja kwa zingwe za malire, kumene sitiloledwa kupita, choncho usalembe zimenezi m'kalata imene ingatsegulidwe ku ofesi. Tipita Lachinayi m'mawa, tikakumba kadzenje, tikathira, pofika nthawi ya chakudya tabwerako.

Ine sindikukonda mmene mitambo ikukhalira masiku ano. Ndinawauza, iwo anati ndaphunzira mantha kwa alendo.

Iwenso Lachinayi ukumbe pamalo pathu paja pafupi ndi khola, ndipo utitchule mayina. Denga la khitchini ulisiye, ndidzakonza ndekha.

Saturnino

6 Ogasiti

Eulogia,

Ndikhulupirira ana ali bwino. Ine thupi lili bwino. Kalatayi uwerenge uli wekha, ndipo ukhale pansi.

Achimwene ako sanabwerere kuchokera Lachinayi.

Ine sindinapite nawo. M'mawa womwewo Don Aldo anandipatsa banja la ku Brazil, bambo, mayi ndi ana awiri, loti likwera basi masana ndipo likufuna filimu yawo lisananyamuke. Ndinawapempha alamu kuti tidikire Lachisanu. Anati Pachamama sadya mkute, tsiku lake ndi limodzi. "Kagwireni ntchito alamu, ndikathirira tonse awiri." Ananyamula kathumba kako ka koka ndi chimanga n'kukwera mpando wa pachingwe wokweza anthu paphiri dzuwa likungotuluka.

Cha m'ma folo koloko mphepo inatembenuka, chipale chinagwa chimene sindinachionepo. Nditaona kuti sakubwera ndinathamangira kwa Doña Isaura, mkulu wa gulu lopulumutsa anthu, n'kumuuza zonse, za zingwe, za koka, za kuseri kwa chitunda. Sanandikalipire. Anangofunsa kuti kuseri kwake mbali iti, ndipo ine sindinadziwe, chifukwa malowo sindinafikeko. Nyengo itangolola anapita ndi agalu ndi ndodo zazitali zobayira m'chipale. Masiku anayi afufuza kuseri konse kwa chitundacho. Sanapeze ngakhale golovesi.

Anzathu akuti mwina anatsikira mbali ya kuchigwa n'kubisala m'khumbi la abusa. Ine ndikugwira mawu amenewo chifukwa ndilibe china chogwira.

Amayi usawauze kaye. Ndikudziwa kuti ndikukusenzetsa katundu wolemera, koma ndipatse masiku ochepa.

Saturnino

20 Ogasiti

Wokondedwa Eulogia,

Kalata yako ndalandira. Ndili bwino, ndikudya, usadandaule za ine. Wafunsa kawiri kuti bwanji ndinawalola kupita okha. Ndilibe yankho loposa limene ndinakupatsa. Zoti amayi wawauza kuti misewu yatsekeka n'chifukwa chake alamu sakulemba, wachita bwino, ngakhale ndikudziwa mmene bodza limakuwawira.

Kufufuza asiya. Khumbi la abusa analipeza lopanda munthu. Doña Isaura akuti tsopano tidikire chipale chisungunuke, phiri lidzabweza lokha. Ananena mwaulemu, koma ndinamva chimene amatanthauza.

Ntchito ikupitirira, alendo sanachepe. Masewera okweza manja aja anzathu anasiya okha, palibe anawauza. Nthawi ya chakudya, imene alamu ankabwera kudzaotha, chitseko cha kanyumba chimatseguka chokha. Ndi mphepo, loko wake ndi wakufa kalekale, ndikudziwa. Komabe dzulo ndinapezeka ndathira tiyi wa mate m'chikho n'kutambasula dzanja kumanzere kumene alamu ankakhala, ndipo ndinakhala choncho mpaka chikho chinazizira.

Pali china. Lachiwiri lapitali ndikukonza filimu, kumbuyo kwa mlendo kunali wantchito wina atakweza manja, akuitana mnzake. Dzanja langa linayamba kumuzunguliza mzere, kenako linaima lokha. Ndinaisiya kompyuta n'kutuluka panja. Ndakumbukira chinthu china, Eulogia, koma mwina mutu wanga ukungopeka, ndiye ndisakuuze kaye. Ndalembera mayi wa ku Brazil uja kupempha chinachake, ndikudikira yankho.

Don Aldo akudandaula kuti mafilimu anga masiku ano adzaza antchito. Ndamuuza kuti chofufutira chawonongeka.

Ndalama za mwezi uno ndatumiza. Bulangete lija asiye amayi aziluka.

Saturnino

10 Sepitembala

Eulogia,

Moni kwa iwe ndi ana. Za umoyo wanga usafunse lero. Ndakhala ndi nkhaniyi milungu inayi ndekha chifukwa cha mantha, ndipo mantha amenewo ndi tchimo lachiwiri pamwamba pa loyamba.

Lachinayi lija ndinajambula banja la ku Brazil cha m'ma teni koloko, pa njira ya kum'mawa. Masana ndinakhala pa kompyuta mothamanga, basi yawo ili pafupi kunyamuka, bambo wake ataima pakhomo akuyang'ana wotchi. Pakona ya chithunzi china, m'mwamba patali, panali kadontho ka lalanje katakweza manja onse awiri, kakugwedeza. Ndinati awa ayambanso masewera awo. Ndinakazunguliza mzere, kanasowa. Ndinachotsa phokoso n'kuika nyimbo. Ndinawapatsa filimu yawo, ndinapukuta kakhadi, ndinafufutanso zotsala pa kompyuta monga mwa masiku onse. Sindinaganizeko chilichonse, chifukwa m'mutu mwanga alamu anali kuseri kwa chitunda, ndipo otere ndinkafufuta makumi awiri patsiku.

Nditakumbukira ndinayenera kuthamangira kwa Doña Isaura nthawi yomweyo. Sindinapite. Ndinati ndione kaye ndekha, mwina sanali iwo. Mayi uja anachedwa kuyankha, filimu watumiza Loweruka, ndi mawu akuti ana ake amaionera tsiku lililonse.

Ndinaitsegula masana, dzuwa likuwala, Don Aldo atapita kukadya. Kamtsikana kakutsetsereka, kakuseka, nyimbo ikulira. Pakona m'mwamba palibe munthu, chipale chokhachokha. Koma tsiku lija, pothamanga, chithunzithunzi ndinaiwala kuchotsa. Chilipo. Chatalika pa chipale, manja awiri ali m'mwamba, chikugwedeza, chikugwedeza, mwini wake palibe. Ndinachikulitsa mpaka kudzaza kompyuta yonse. Anzathu akamasewera amadumphadumpha, koma ichi miyendo sichikusuntha. Paphewa pake pali kanthu kolendewera, kathumba kako kaja. Chimaoneka masekondi khumi ndi limodzi, kenako kamera imatembenuka kutsatira mwana. Woitembenuzayo ndi ine.

Malowo si kuseri kwa chitunda. Ndi mbali ino, pakamwa pa kamkwaso ka miyala, kunja kwa zingwe pang'ono. Alamu sanafike n'komwe kumene ankapita. Agalu aja masiku anayi onse ananunkhiza mbali imene ine ndinawalozera.

Dzulo ndinamuonetsa Doña Isaura. Anaonera katatu, kenako anafunsa kuti munthuyo ali kuti, poti akuona chithunzithunzi chokha. Ndinamuuza kuti ndinamuchotsa ine. Anandiyang'ana, anavala chipewa chake, n'kunena kuti mphepo ikagwa Lachisanu tikwera.

Sindikupempha kuti undikhululukire. Ndikufuna kuti umve kwa ine, usamve kwa wina.

Saturnino

17 Sepitembala

Eulogia,

Ndikhulupirira kalata yapitayi inakufika, ngakhale sunayankhe, ndipo sindikukuimba mlandu. Ana uwapsompsone m'malo mwanga.

Tawapeza alamu Lachisanu m'mawa. Mapepala a apolisi atha dzulo, anzathu a kuntchito asonkha za bokosi, ndipo galimoto ya maliro ifika kwathu ku Abra Pampa Lachiwiri likudzali masana. Ine ndidzakhala kumbuyo pamodzi nawo. Kompyuta ndi kamera ndabweza kwa Don Aldo. Amayi ndidzawauza ndekha, zonse, mmene ndakuuzira iwe. Ngati ukufuna ndikagone kwa mchimwene wanga m'malo mwa kunyumba, umutume Policarpo adzandiuze pofikira galimoto, ndidzamva.

Tinakumba pang'ono chabe, chifukwa dzuwa la masiku ano linali litachepetsa kale chipale. Kuzizira kunawasunga mmene analiri, nkhope ndi yomwe ija. Mwendo wamanzere unalowa pakati pa miyala iwiri mpaka m'bondo, n'kuthyoka. Kathumba kako kanali kotsegula. Pambali pawo, pakati pa miyala yomweyo, anapala ndi mpeni mpaka kupeza dothi, ndipo anathira koka yense, chimanga ndi vinyo. Anapala timaenje tiwiri.

Doña Isaura akuti anakhala ndi moyo mpaka chipale chija chinayamba, ndiye kuti maola asanu ndi limodzi kuchokera pamene ndinawajambula. Kuchokera m'munsi kufika pamenepo ndi njinga yamoto ya pachipale sipatha theka la ola. Chimene sanachimvetse ndi mpeni. Akuti munthu wodziwa phiri ngati Ceferino akanadula nsapato n'kusolola phazi, akanakwawa mpaka pa zingwe, pamene pamadutsa anthu tsiku lonse. Anafunsa kawiri, akudzifunsa yekha, kuti bwanji sanayese.

Anzathu atawanyamula alamu ndinatsala pang'ono, ndinagwada pamalo pomwepo n'kuyang'ana kumene iwo ankayang'ana. Njira yonse ya kum'mawa imaoneka bwinobwino, ndipo m'munsi mumaoneka kanyumba kathu ndi chitseko chake. Anandiona, Eulogia. Anaona kamera italoza kwa iwo, ndipo ankadziwa kuposa wina aliyense paphiri lino kuti masana ndimakhala pansi n'kuyang'ana wa jekete la lalanje mmodzimmodzi. Analibe chifukwa chowonongera nsapato ya kuntchito. Anangokhala, nsana atatsamira mwala, manja ali pamiyendo, kudikira kuti chitseko chija chitseguke nditulukemo ndikuthamanga.

Tinawapeza maso ali pomwepo.

Ndine,
Saturnino